WANSEMBE NDI AKRISTU ENI ACE: ZIMENE TIPHUNZIRA KU MIGODI YA KU RUSTENBURG



Pali dandaulo lina limene limveka pafupifupi m'parishi iriyonse ya Mpingo wa Katolika. Akristu ati: "Bambo Mfumu satiyendera, wodwala wathu anafa osawaona." Tsono mukapita kukaceza ndi wansembeyo mudzamva dandaulo linzace, pakuti iye ati: "Anthu andisiyira zonse, denga la chalichi likadontha adikira ine, ana akasowa wowaphunzitsa adikira ine." Kodi wolakwa ndani? Kawirikawiri onse awiri anena zoona, koma aiwala cinthu cimodzi, ndico cakuti maitanidwe a wansembe ndi maitanidwe a mkristu wamba, amene Akatolika amuchula mkristu mwini wace, ndi osiyana. Lero ndifuna kuti tione kusiyanako, ndipo kuti tikuone bwino ndikutengani kunka ku Rustenburg, m'dziko la South Africa. Inu a mipingo yina ndi inu Asilamu musatseke wailesi, cifukwa funso lakuti mtsogoleri asenze ziti ndipo anthu asenze ziti lipezeka paliponse pamene anthu apembedza pamodzi.

Poyamba tidziwe malo. Rustenburg ndi mzinda umene unakhazikitsidwa m'caka ca 1851 m'tsinde mwa mapiri a Magaliesberg, kumadzulo kwa Pretoria. Dzikolo nla anthu olankhula Setswana, ndipo pafupi ndi mzindawo pali Phokeng, likuru la Abafokeng. M'caka ca 1924 katswiri wa miyala, Hans Merensky, anatsimikiza kuti m'dzikomo muli mzere wa mwala wokhala ndi platinamu, ndipo posacedwa mzerewo unalondoledwa kufikira ku Rustenburg. Platinamu ndi citsulo coyera ca mtengo wapatali; nchito yace yaikuru ndiyo kuyeretsa utsi woturuka m'galimoto. Pa magawo 10 a platinamu wokumbidwa pa dziko lonse, pafupifupi 7 acokera ku South Africa, ndipo wambiri mwa iyeyo acokera ku migodi yozungulira Rustenburg.

Pamene pali mgodi pamasonkhana alendo. Amuna anadza kucokera ku Eastern Cape, ku Lesotho, ku Mozambique ndi kwina, ndipo pambuyo pao panadza akazi ofuna nchito. Ife nkhani yotereyi siyacilendo, pakuti makolo athu ambiri anapita ku Joni pa Wenela, ena nabwera ndi njinga ndi masutikesi, ena nasanduka machona. Tidziwa kuti munthu wa ku mgodi ali ndi nyumba ziwiri, mtima wace uli kumudzi, thupi lace liri pansi pa nthaka. Pamene makampani anayamba kupatsa anchito ndarama yakuti adzifunire okha pogona, ambiri anakamanga zisakasa za malata pafupi ndi migodi, kuti ndarama yotsalayo aitumize kwao. Motero inakula midzi yonga Freedom Park ndi Nkaneng, yosowa madzi okwanira ndi miseu yabwino, pamwamba peni-peni pa cuma cacikuru.

Mpingo wa Katolika m'deralo unapatulidwa ku Pretoria m'caka ca 1971, nukhala dayosizi m'caka ca 1987. Episkopi Kevin Dowling, wa cipani ca Redemptorist, anautsogolera kuyambira 1991 kufikira 2020, ndipo amene analowa m'malo mwace ndi Episkopi Robert Mphiwe. Akatolika ku South Africa safika ngakhale 1 mwa anthu 10, ndipo ansembe ndi ocepa. Parishi imodzi ikhala ndi nthambi zingapo zotalikirana. Malamulo a Mpingo salola wansembe kucita Misa yoposa 3 pa tsiku Lamulungu, ngakhale atalandira cilolezo. Werengani nokha: wansembe wa nthambi 8 sangathe kufika konse Lamulungu limodzi. Apa funso lathu lileka kukhala la m'mabuku, lisanduka la tsiku ndi tsiku.

Nanga wansembe wa pa parishi anaitanidwira ciani? Ciphunzitso ca Mpingo wa Katolika cimpatsa nchito zitatu: kuphunzitsa mau a Mulungu, kupereka masakramenti, ndi kusonkhanitsa anthu kuti akhale gulu limodzi. Pali zina zimene palibe mkristu wina angazicite m'malo mwace. Wansembe yekha ndiye apereka nsembe ya Misa. Iye yekha ndiye amva kulapa ndi kunena mau a cikhululukiro. Iye yekha ndiye adzoza odwala. Cimene wamva pa kulapa saciulula kwa munthu aliyense, ngakhale kwa kampani, ngakhale kwa polisi. Lamulo limuuza kuti akhale pakati pa anthu ace, ndi kuti Lamulungu lirilonse apereke Misa imodzi cifukwa ca iwo onse, obwera ndi osabwera omwe.

Cifukwa ca nchito imeneyi pali zinthu zimene wansembe aletsedwa. Buku la malamulo a Mpingo la 1983 limletsa kulandira udindo wolamulira m'boma, limletsa kucita malonda popanda cilolezo, ndipo limletsa kutsogolera cipani ca ndale kapena bungwe la anchito, pokhapo akuru a Mpingo ataona kuti nkofunika ndithu. Ena aganiza kuti lamuloli nla mantha. Koma taganizani za chalichi ya ku Rustenburg pa tsiku Lamulungu. Pa benchi ina pakhala woboola miyala wa bungwe la AMCU, pa ina wa bungwe la NUM, kumbuyo kapitao wa kampani, ndipo pafupi ndi khomo wapolisi ndi mkazi wace. Onsewa adzagwada pa guwa limodzi. Wansembe akabvala malaya a gulu limodzi, enawo adzapita kwa yani akacimwa, ndipo ndani adzaika maliro ao? Iye aloledwa, ndiponso akakamizidwa, kunena poyera kuti malipiro osakwanira ndi cisalungamo, kuti kupha ndi kupha, aphe ndi wapolisi kapena wonyanyala nchito. Koma khomo lace liyenera kukhala lotsegukira onse.

Tsono mkristu mwini wace anaitanidwira ciani? Kale anthu ambiri anayesa kuti gawo lace ndi kumvera, kupemphera ndi kupereka mtulo basi. Msonkhano waukuru wa maepiskopi wa Vatican II, umene unakhala kuyambira 1962 kufikira 1965, unakonza maganizo amenewa. Unaphunzitsa kuti munthu aliyense wobatizidwa ali ndi gawo mu unsembe wa Kristu, kuti unsembe umenewu ndi unsembe wa odzozedwa zisiyana mtundu wace, osati kukula kwace kokha, ndi kuti onse aitanidwa ku ungwiro umodzi. Unanenanso kuti munda wa mkristu mwini wace ndiwo zinthu za dziko lino: banja, nchito, malonda, bwalo la milandu ndi boma. Papa John Paul II anabwerezanso zomwezi m'kalata yace ya 1988 yonena za akristu eni ace.

Tiyerekeze munthu wa ku mgodi. Alowa m'cikwepe usiku kusanace, natsika mtunda woposa kilomita pansi pa nthaka, kumene kuli kutentha ndi phokoso. Wansembe sadzafika kumeneko. Ngati denga la mgodi liri ndi mng'alu, ndipo kapitao ali kufulumiza anthu cifukwa ca bonasi, amene adzanena kuti "tiyambe tacirikiza denga" ndi mkristu amene ali pomwepo. Pa tsiku la malipiro, pamene obwereketsa ndarama za katapila adikira pa cipata, amene adzakumbukira ana a kumudzi ndi iye yemweyo. Pa msonkhano wa bungwe, wina akaimirira ndi kunena kuti wopita ku nchito aphedwe, pafunika munthu wolimba mtima wonena kuti iai. Namwino wa pa cipatala ca mgodi, kalaliki wolemba malipiro, mai wogulitsa ndiwo pa mseu, onsewa ali ndi guwa lao la nsembe, ndilo malo ao a nchito. Wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene anayambitsa gulu la anyamata acikristu a pa nchito m'zaka za m'ma 1920, anaona cimeneci kale. Anawaphunzitsa njira ya mbali zitatu, kuona, kuweruza ndi kucita, cifukwa anadziwa kuti wanchito amvera wanchito mnzace.

Nkhani ya ku Marikana iticititsa kumvetsa zimenezi ndi mtima wosweka. M'mwezi wa August 2012 anchito a pa mgodi wa Lonmin ananyanyala nchito, nafuna malipiro a R12,500 pa mwezi. M'masiku oyamba anafa anthu 10, mwa iwo anchito, alonda 2 a kampani ndi apolisi 2. Pa 16 August apolisi anaombera anthu amene anasonkhana pa kaphiri, napha 34. Tsiku lomwelo, mfuti zisanalire, Episkopi Jo Seoka wa Mpingo wa Anglican anafika pa kaphiripo, namva mau a anchitowo, nayesa kuwatengera kwa akuru a kampani, koma sanaphule kanthu. Pambuyo pace anathandiza pa zokambirana zimene zinathetsa kunyanyalako m'mwezi wa September. Iye anacita gawo la mbusa, ndilo kuima pakati ndi kupempha kuti anthu amvane. Koma mphamvu yakulamula inali m'manja mwa ena: akuru a kampani, atsogoleri a mabungwe, akuru a polisi, ndi onyanyala eni ace. South Africa ndi dziko limene anthu oposa 7 mwa 10 adzichula Akristu. Mbusa angathe kucenjeza. Coti cala cicoke pa mfuti ciri kwa mwini cala. Ndipo pamene anchito pafupifupi 70,000 ananyanyala miyezi 5 m'caka ca 2014, njala nilowa m'nyumba zambiri, anthu oyamba kudziwa khomo limene munalibe ufa anali oyandikana nao.

Tsopano tione citsanzo ca maitanidwe awiriwa pamene agwirizana. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anafalikira koopsa m'midzi ya zisakasa ija, mankhwala kunalibe, ndipo odwala ambiri analibe mbale wowasamala. M'caka ca 1997 Episkopi Dowling ndi anzace anayambitsa nchito yochedwa Tapologo, ndiko kunena malo a mpumulo m'Setswana. Episkopi anapempha thandizo kwa makampani ndi ku maiko akunja, anayendera odwala, napempherera akufa. Koma amene analowa m'zisakasa tsiku ndi tsiku anali akazi a m'midzi momwemo, amene anaphunzitsidwa kusamala odwala: kusambitsa, kutsuka zilonda, kuphika phala, ndi kuyang'anira ana amasiye. Pofika 2004 panali nyumba yogonekamo odwala kwambiri kufupi ndi Phokeng, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa; pamenepo akazi omwewo ndiwo anaona kuti wodwala ali kumwa mankhwala pa nthawi yace. Zimene episkopiyo anaziona ndi kuzimva kwa akaziwa zinamcititsa kulankhula, m'caka ca 2001, mau amene maepiskopi anzace sanagwirizane nao pa za njira zodzitetezera ku matendawa. Mungaweruze nokha za mauwo. Cimene ine ndifuna kuti muone ndi cakuti mbusa anaphunzira kwa nkhosa. Popanda episkopi nchitoyo ikadasowa ndarama ndi mau omveka kutali. Popanda akaziwo ikadakhala pa pepala pokha. Akuru anati mutu umodzi susenza denga.

Mwina wina afunsa: nanga akatekisi, ndi aja atsogolera mapemphero pamene wansembe palibe, ali mbali iti? Iwo ndi akristu eni ace, ndipo nchito yao njolemekezeka. Malamulo alola kuti pamene ansembe asowa, mkristu wosankhidwa atsogolere mapemphero, agawe Ukaristia umene wansembe anaudalitsa kale, ndi kuperekeza maliro. Ndipo pa ngozi ya imfa munthu aliyense angathe kubatiza. M'caka ca 2021 Papa Francis anakhazikitsa ukatekisi kukhala udindo wodziwika mu Mpingo wonse, natsegulanso udindo wa kuwerenga mau ndi wa kutumikira pa guwa kwa akazi. Kwathu kuno tidziwa mtengo wa anthu amenewa. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama m'caka ca 1901, a White Fathers ku Mua m'caka ca 1902, koma wansembe woyamba wobadwira m'Malawi, Cornelius Chitsulo, anadzozedwa m'caka ca 1937. Zaka zonse zapakatizo, ndi zambiri zotsatira, amene anasunga cikhulupiriro m'midzi anali aphunzitsi ndi akatekisi. Miphakati, imene Episkopi Patrick Kalilombe anailimbikitsa ku Lilongwe kuyambira 1973, ndi imene maepiskopi a kum'mawa kwa Africa anaiika patsogolo m'caka ca 1976, inamangidwa pa maziko omwewo. Ku South Africa sukulu ya Lumko inakonza njira ya masitepe 7 yowerengera Uthenga Wabwino m'magulu ang'ono, ndipo njirayo inafalikira ku maiko ambiri.

Komabe apa pali mbuna imene tiyenera kuilewa. Nkwapafupi kuganiza kuti mkristu wabwino ndi amene afanana kwambiri ndi wansembe, wobvala mkanjo ndi kuima pafupi ndi guwa. Munthu angathe kukhala pa misonkhano ya chalichi madzulo onse, ana ace nagona osamuona, ndipo pa nchito nkukhala wolandira ziphuphu. Ameneyo wasiya munda wace kukalima wa mwini. Kuthandiza pa guwa ndi nchito ya ocepa. Kuyeretsa dziko ndi nchito ya onse. South Africa ili ndi mboni yace pa cimeneci, Benedict Daswa, wa ku dera la Venda. Iye anali mphunzitsi wamkuru wa sukulu, mwamuna wa banja ndi katekisi. Pamene mphezi zinatentha nyumba m'mudzi mwao, anthu nasonkha ndarama zokafunira mfiti kwa sing'anga, iye anakana kusonkha, nati mphezi ndi cilengedwe. Anamupha pa 2 February 1990, ndipo Mpingo unamuika m'gulu la odala pa 13 September 2015. Umboni wace sanaupereke pa guwa. Anaupereka pa bwalo la mudzi, pamene wansembe analibe mpando.

Mbuna yaciwiri iri kumbali ya ansembe. Wansembe amene asunga yekha thumba la parishi, nalamula yekha za njerwa ndi simenti, nanyoza uphungu wa anthu, adzitopetsa ndi nchito za ena, ndipo nthawi ya kumva kulapa ndi ya kuyendera odwala imthera. Malamulo a 1983 alamula kuti parishi iriyonse ikhale ndi bungwe la akristu lothandiza pa za cuma. Ku Rustenburg, kumene pa benchi pakhala owerengera ndarama za makampani, amisiri ndi anamwino, kukana nzeru zao ndi kufa ndi ludzu miyendo iri m'madzi. Koma nao a bungwe akumbukire kuti wansembe si wolembedwa nchito wao, woti amuuze zolalikira ndi zosalalikira, kapena kumana Misa nthambi imene yacedwa kupereka mtulo.

Tsono tibwerere ku madandaulo awiri aja. Inu amene munati Bambo Mfumu sanafike pamene wodwala wanu anafa, muli ndi cifukwa cakudandaula ngati munawatumira mau iwo nanyalanyaza, pakuti kudzoza odwala ndi nchito yao yeni-yeni, ndipo palibe wina angawagwirire. Koma dzifunseni ngati a mphakati anamyendera wodwalayo masabata onse a kudwala kwace, ndi ngati wina anathamanga kukanena nthawi ikalipo. Ndipo inu Bambo, amene munati anthu akusiyirani zonse, dzifunseni ngati munawapatsa makiyi, ndi ngati munawaphunzitsa kuti nchito yao ya Lolemba iri ndi mtengo pamaso pa Mulungu monga Misa yanu ya Lamulungu.

Kwa inu anyamata amene muli kuganiza za ulendo wa ku South Africa, kapena muli komweko kale, ndinena ici: mudzapeza chalichi yopemphera m'cinenero cimene simucidziwa, ndipo mwina wansembe mudzamuona kamodzi pa mwezi. Musayese kuti cikristu canu catsala kumudzi pamodzi ndi Bambo Mfumu wa kwanu. Funani anzanu, sonkhanani, dzionetseni kwa wansembe wa kumeneko kuti akudziweni, ndipo kalata ya ubatizo muisunge pamodzi ndi pasipoti. Zotsalazo, za m'cikwepe, za pa tsiku la malipiro ndi za ana amene munawasiya, ziri m'manja mwanu.